Nsomba za Namfedwa ndi Mzere Wobiriwira

Alembi anzanga, amayi ndi abambo, zikomo pondipatsa mpata. Amene akonza msonkhano uno anandiitana kuti ndidzakuonetseni kasungidwe ka fayilo kuti pulogalamu ya akaunti iilandire osakana. Ndikuonetsani ndithu, laputopu ndabwera nayo. Koma ndapempha kuti ndiyambe ndapereka umboni, chifukwa batani limene ndikuphunzitseni lero ndi lomwelo limene ine ndinagwa nalo. Ena mukundidziwa, ndipo ndaona abambo awo kumbuyoko ayamba kale kuseka. Sekani, palibe mlandu. Ndine Phiri wa kudoko lathu lija la kufupi ndi Chipoka, yemwe uja munkamutcha a Kompyuta.

Dzina limenelo linandilowa m'mutu. Kompyuta ndinaiphunzirira pa kasitolo kena pa boma la Salima, ndipo pobwerera kumudzi ndinkayenda ngati ndachokera kunja. Gulu la amayi oyanika usipa litafuna mlembi, panalibe wopikisana nane. Matebulo anga a pakompyuta anali okongola, pamenepo ndisaname. Mitu ikuluikulu pamwamba, timabokosi tolumikiza, mitundu yosiyanasiyana ngati chitenje cha pa ukwati. Amayi akabwera kudzasuzumira, ine kumangoti, "Musakhudze mayi, zimenezi n'zovuta." Munthu atandifunsa chinthu chimene sindikuchidziwa, ndinkayankha ndi Chingerezi kuti asafunsenso.

Kuti mumvetse chimene chinachitika, ndiyambe ndafotokoza khalidwe la kudoko kwathu, popeza ena mwachokera kumtunda. Mayi akaferedwa sapita kuthandala, pamene timayanika nsomba paja, mpaka abale atamumasula. Koma usipa sudziwa maliro. Bwato limapitabe panyanja, gawo lake limabwerabe, ndipo likakhala m'beseni limaola. Ndiye mnzake ndi amene amamuyanikira, kumutembenuzira, mpaka kunyamula kupita nazo kusikelo. Ndipo pasikelopo dzina la namfedwa silitchulidwa, silifuulidwa, ayi. Anthu anganene kuti taonani uyu, dothi la pamanda a mwamuna wake lisanaume ali kale pamalonda. Wonyamulayo amangonena chapansipansi kuti, "Izi si zanga," basi, aliyense wadziwa kuti ndi za yani.

Inenso polemba ndinkalemekeza zomwezo. Ndinkalemba dzina la amene wanyamula, kenako mzere wonsewo n'kuupaka mtundu wobiriwira. Tsiku lolipira likafika, ndalama zili patebulo, ndinkayang'ana mizere yobiriwirayo n'kupatula gawo lake, apampando n'kukapereka kunyumba ya namfedwa mwakachetechete. Zinkayenda bwino, ndipo ndinkadzitama kuti nzeru imeneyi ndinaitulukira ndekha.

Kenako kunabwera kampani ina ya ku Lilongwe yogula nsomba zouma. Mtengo wawo unali wabwino, koma anati za ndalama zapamanja ayi. Mwezi ukatha mlembi azitumiza fayilo, akauntanti wawo aziilowetsa mu pulogalamu ya akaunti, ndalama zizipita zokha pafoni ya mayi aliyense. Anandiuza pafoni kuti, "Mutitumizire ya CSV, bambo Phiri. Mukuidziwa eti?" Ine ndinati, "Kwambiri." Chilowereni ntchito ndinali ndisanamvepo zilembo zitatu zimenezo. Ndinafufuza pamene timasankha mtundu wa fayilo poseva, ndinazipeza, ndinadina. Panatuluka kabokosi ka chenjezo, kakuti zinthu zina zitayika mukasunga mwanjira imeneyi. Ndinadina kuti eya osawerenga, mmene timachitira tonse muno. Musagwedeze mitu, ndikukudziwani.

Mwezi umenewo a Nambewe anataya amuna awo. Amene anawanyamulira nsomba anali a Nabanda, mnzawo wa kuyambira pa utsikana, mayi wosalankhulalankhula, wa ana ambiri. Tsiku lililonse ankafika pasikelo ndi mabeseni awo, kenako ndi ena, n'kundiuza motsitsa mawu kuti si zawo. Ine kulemba dzina lawo, kupaka zobiriwira, monga mwa masiku onse.

Ndalama zitatuluka, foni ya a Nabanda inalira ndi zambiri. Sanadabwe kwenikweni. Usipa unagwa bwino mwezi umenewo, mtengo unali watsopano, ndipo iwo zilembo sawerenga. Anakatapa ndalamazo kwa ejenti n'kugula malata oti afolere nyumba yawo imene inkadontha. Ankaganiza kuti za a Nambewe zapita kudzera kwa apampando ngati kale. A Nambewe nawo anakhala m'nyumba kudikira apampando, osabwera. Namfedwa safunsa za ndalama, ndiye anangokhala chete mpaka alamu awo anabwera kudoko atakwiya. Gulu linaitanitsa pepala ku kampani. Pepalalo linabwera loyera mbee, lopanda mtundu uliwonse, ndipo nsomba zonse zinali pa dzina la a Nabanda.

Msonkhano unachitika masana pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi mathandala. Apampando, mayi wachikulire amene ankanditenga ngati mwana wawo, anatembenukira kwa ine.

"A Phiri, a Nabanda akuti ankakuuzani kuti nsomba zinazo si zawo. Ankakuuzani?"

Laputopu inali pamiyendo panga, yotsegula. Fayilo yanga yoyamba ija, imene ndinalemba ndisanaiseve ngati CSV, inalipo, mizere yobiriwira ili ndandanda, ikundiyang'ana. Ndinadziwa pompo kuti cholakwa chachokera kwa ine, ngakhale sindinamvetse kuti mtunduwo wathawira kuti. Kunali kungotembenuza laputopuyo kuti onse aone. Koma ndinaganiza za ntchito, ndinaganiza za dzina lija la a Kompyuta, ndinaona alamu a Nambewe ataima manja ali m'chiuno. Ndinaitseka pang'onopang'ono.

"Amayi, makina sanama. Zimene zili papepalapo ndi zimene ndinauzidwa."

A Nabanda sanakuwe, sanalire. Anangondiyang'ana, kenako anayang'ana pansi. Gulu linawachotsa tsiku lomwelo. Malata aja anawagulitsa asanakhomedwe n'komwe, anagulitsanso mabeseni awo kuti abweze. Ndalamazo zinafika kwa a Nambewe, koma dzina loti wodya za namfedwa linakakamira a Nabanda. Ana awo ankanyozedwa nalo kusukulu. Pamjigo amayi ankasiya kucheza iwo akafika. Posakhalitsa anachoka kudoko.

Kugwa kwanga kunali kwachangu, ndiye nanenso ndifulumira. Ndinayamba ndi botolo limodzi poweruka, ati kuti mutu upume. Kenako kachasu, chifukwa ndi wotchipa ndipo amagwira msanga. Kenako kumwa ndisanapite kuntchito. Ndinayamba kulemba makilo olakwika, kutumiza fayilo ya mwezi wina, kugona pasikelo amayi ali pamzere. Apampando anandichenjeza mwaulemu, anandichenjezanso, kenako gulu linatenga laputopu yawo n'kupatsa mayi Esnart, amene ndi mlembi mpaka lero. Kunyumba ndinagulitsa wailesi, njinga, mpaka nsapato zanga za kutchalitchi. Mayi a kunyumba, amenenso amayanika usipa m'gulu lomwelo, ankabisa ndalama zawo m'thumba la ufa, ine kukazipeza. Ankandifunsa kuti chakudya mtima wanu n'chiyani bambo, ine kumawabwatukira. Sindinawauze. Mapeto ake ndinapezeka pa depoti ya Salima ndikuitanira minibasi ndi kunyamula katundu wa anthu kuti ndipeze ya kapu imodzi.

Chinanso chimene ndinaononga, ndipo chimandiwawa kuposa njinga, ndi khalidwe lija. Amayi anasiya kunyamulirana. Aliyense ankati, ine ndithandize munthu kuti mawa anditche wakuba? Mayi wina ataferedwa mwana, usipa wake unaolera m'mabeseni anzake akuona. Ine ndinadutsa pomwepo, fungo ndinalimva, n'kupitirira kukamwa.

Tsopano ndifike pa tsiku limene Mulungu anandigwira. Linali tsiku wamba, dzuwa lili pamutu, kukutentha mmene kumatenthera ku Salima mvula ikayandikira. Ndinali nditatsitsa matumba a munthu wina, njala ndi matsire zikundizunguza mutu. Ndinakakhala pamthunzi wa khoma. Pafupi panga panali mayi wogulitsa zitumbuwa, atafunda chitenje kumutu. Sindinamuyang'ane nkhope.

"A mlembi, mwaswera bwanji?"

Anali a Nabanda. Ataonda, koma ndi iwo. Ndinafuna kudzuka kuti ndithawe, koma ndinakhalabe pomwepo. Ndinayankha moni ndikuyang'ana fumbi. Anatenga chitumbuwa chimodzi, anachikulunga pa kapepala, anandipatsa, ananditungiranso madzi m'chigubu chawo.

"Idyani bambo, nkhope yanuyo yachita kutuwa."

Ndinadya. Ndinadya ndithu, manyazi onsewo, chifukwa njala inali itandigwira. Iwo anagulitsa kwa munthu wina, anabweza chenji, anaingitsa ntchentche. Ndinkadikira kuti anditukwane, ndipo ndikanakonda akanatero. M'malo mwake anasendera pafupi n'kulankhula motsitsa, ngati mmene ankalankhulira pasikelo.

"A Phiri, pali chimene chimandisowetsa mtendere, ndipo ndi inu nokha mungandithandize. Ine m'mutu mwanga ndimaona ngati ndinkakuuzani. Koma inu ndinu ophunzira, ndipo makina akuti ayi. Ndiye ndimati kapena ndinkangoganiza mumtima, pakamwa osatuluka mawu. Mutu wanga nthawi imeneyo unali wosokonezeka ndi maliro aja. Ndakhala ndikupempha Mulungu kuti andikhululukire ngati ndinadyera mnzanga. Kodi palibe ngakhale tsiku limodzi limene munandimva?"

Abale anga, pamenepo ndinasiya kudya. Ine ndinkaganiza kuti ndinawabera dzina ndi ntchito. Sindinadziwe kuti ndinawaberanso chikumbumtima chawo, mpaka munthu wosalakwa kumagwada kulapa tchimo langa. Ndinamva manyazi amene sindinawamvepo chibadwire. Minibasi zinkaliza mahutala, anzanga oitanira ankandikuwira kuti kwabwera katundu, ine osamva kanthu.

"Munkandiuza, mayi," ndinatero. "Tsiku lililonse munkandiuza. Ndinanama ndine."

Kenako anavundikira beseni lawo la zitumbuwa, analisenza, anachoka. Sanandikhululukire pamenepo, ndipo musayembekeze kuti umboni uno unena zimenezo.

Kubwerera kwanga sikunali kwa tsiku limodzi. Choyamba ndinapita kunyumba wapansi mpaka pamene ndinapeza wondikweza, n'kukawauza mayi a kunyumba zonse. Analira, osati chifukwa cha ine, koma chifukwa nawonso anali m'gulu la amene ankasiya kucheza pamjigo. M'mawa mwake anandiperekeza kwa abusa. Mowa sunachoke ndi pemphero limodzi. Manja ankanjenjemera, ndinagwanso kangapo. Chimene chinandithandiza ndi zinthu zazing'ono: kusintha njira yopita kudoko kuti ndisadutse pa mayi wa kachasu, kusiya ndalama iliyonse m'manja mwa akazi anga, ndi kukhala ndi abambo anzanga a kutchalitchi amene anadutsamo kale ndipo sanyengeka ndi mabodza a chidakwa. Ngati muli muno amene mukumwa kuti muiwale chinthu, ndikuuzeni kuti sichiiwalika. Mumangoiwala kumene mwasiya nsapato.

Fayilo yoyamba ija inali idakali pa fulashi yanga yosungira mafayilo, chinthu chokhacho chimene sindinagulitse chifukwa panalibe wogula. Ndisanakaime pamaso pa gulu ndinafuna ndimvetse chimene chinachitika, kuti ndisakanenenso zongopeka. Ndinapita kwa mayi Mwale, akauntanti amene amathandiza magulu pa boma, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinanena mawu akuti sindikudziwa. Mayi aja sanandiseke. Anatenga fayilo yanga yokongola ija, anaiseva ngati CSV, kenako anaitsegula ndi kapulogalamu kolembera mawu wamba.

"Taonani bambo Phiri. Izi ndi zimene pulogalamu ya akaunti imaona."

Munalibe mtundu, munalibe timabokosi, munalibe mitu ikuluikulu. Mawu ndi manambala okhaokha, olekanitsidwa ndi mipatuliro, mzere ndi mzere. Anandiuza kuti CSV imanyamula zolembedwa zokha basi. Chilichonse chimene mwachinena ndi mtundu, ndi zilembo zonenepa, kapena ndi kandemanga kobisika pakona, chimatsala pakhomo. Ine ndinali nditaika nkhani yaikulu kwambiri ya m'gulu lathu pamalo pamene makina sayang'ana.

Ndinapempha apampando kuti aitanitse msonkhano, pansi pa mango omwe aja. Ndinabwereka laputopu kwa mayi Esnart, ndinatsegula fayilo, ndinaitembenuza kuti onse aone mizere yobiriwira. Ndinanena zonse, kuphatikizapo zoti tsiku lija inali yotsegula pamiyendo panga. Amayi ena anandinena mawu amene sindingawabwereze m'nyumba ino, ndipo anali oyenera. A Nambewe anadzuka, anamanga chitenje, anakwera minibasi ya ku boma tsiku lomwelo kukafuna mnzawo. Gulu linatuma nthumwi kukapepesa, abusa analengeza m'tchalitchi kuti a Nabanda sanabe kanthu. Koma iwo sanabwerere. Anati amva, zikomo, koma kudoko mtima wawo sukufunako.

Ine ndinayambira pansi, kutsuka mabeseni ndi kukonza mathandala. Patapita nyengo, ataona kuti ndasiyadi mowa, anandilola kukhala pasikelo ngati wothandiza mayi Esnart. Tebulo limene timagwiritsa ntchito panopa tinalikonza ndi mayi Mwale, ndipo n'losakongola m'pang'ono pomwe. Tikatsegula makompyuta muliona, koma mfundo zake ndinene pano.

Musanalembe kanthu, pemphani akauntanti akupatseni chitsanzo cha fayilo imene pulogalamu yawo imalandira, ndipo mitu ya makolamu, mizere yotsika ija, muikope mmene ilili, pamzere woyamba, osawonjezera dzina la gulu pamwamba. Chinthu chimodzi, bokosi limodzi. Osalumikiza mabokosi, ndipo osaika chiwonkhetso pansi, chifukwa pulogalamu idzachiwerenga ngati mayi winanso amene wabweretsa nsomba zambiri. CSV imasunga tsamba limodzi lokha, limene mwatsegulalo, ndiye ngati muli ndi tsamba la usipa ndi la utaka, lililonse likhale ndi fayilo yakeyake. Samalani ndi manambala a foni. Athu amayamba ndi ziro, ndipo kompyuta imakonda kumeza ziro woyambayo, choncho kolamu imeneyo muiuze kuti ndi mawu, osati nambala yowerengera. Madeti alembeni mwanjira imodzi imene akauntanti wakuuzani, chifukwa makina ena amatembenuza tsiku kukhala mwezi. Fayilo yanu yoyamba musaifufute. Ndipo musanatumize, tsegulani CSV ija ndi kapulogalamu ka mawu wamba, muwerenge ndi maso anu, mnzanu awerengenso. Kabokosi ka chenjezo kakatuluka, kawerengeni. Ngati Chingerezi chake chakukanikani, funsani, simufa.

Nanga za namfedwa tinatani? Tinakhala pansi ndi amayi. Dzina silitchulidwabe pasikelo, khalidwelo silinasinthe. Koma tebulo lili ndi makolamu awiri, ina ya amene wanyamula, ina ya mwini wake wa nsomba, ndipo mu ya mwiniyo timalemba nambala yake ya umembala mwakachetechete. Ndalama zimatsata nambalayo. Njira inakonzeka, komabe amayi anapitiriza kuopa. Pakagwa maliro aliyense ankapeza chifukwa, wina mwana wadwala, wina msana.

Chaka chathachi apongozi anga aamuna anamwalira, bambo awo a mayi a kunyumba. Titaika maliro kumudzi kwawo kumtunda, akazi anga anatsala komweko, ine ndinabwerera kuntchito. Usipa wawo unali utafika kale kuchokera kubwato. Ndinkayenda ndikudziwa kuti ndikaupeza utaola, ndipo ndinalibe woti ndimudandaulire, popeza amene anapha kuthandizana kudoko ndinali ine.

Nditafika ndinapeza uli pathandala, woyanikidwa bwino, wotembenuzidwa kale. Sindinafunse. Ndinakhala patebulo, mzere wa amayi unayamba kuyenda. Chakumapeto kwa mzerewo ndinaona a Nambewe, ndipo pambuyo pawo a Nabanda, beseni lili pamutu. Anatula beseni pasikelo okha.

"Akazi anu alire bambo awo mwamtendere, za kuthandala asaganize," anatero. "Lembani."

Ndinalemba. Dzina lawo mu kolamu ya wonyamula, nambala ya akazi anga mu kolamu ya mwini. Ndinatembenuza laputopu kuti aone.

"Ndalemba bwino, mayi. Nayi."

Sanayang'ane n'komwe. Anakodola mayi Esnart.

"Esnart mwanawe, tabwera undiwerengere zimene alemba bambowa."

Mayi Esnart anawerama, anawanong'oneza kukhutu, bokosi ndi bokosi. A Nabanda anagwedeza mutu, anatenga beseni lawo, anapita kukatenga lina. Mpaka lero akabweretsa nsomba, kaya zawo kaya za mnzawo, saona ngati zalembedwa mpaka wina atawawerengera zimene ine ndalemba. Zimandiwawa nthawi iliyonse, koma ndimatembenuza laputopu ndekha asanapemphe, chifukwa akulondola.

Umboni wanga ndi umenewo, ndipo Mulungu amene anandidikira pa depoti paja alemekezeke. Tsopano yatsani makompyuta anu. Amene sakudziwa pamene pali CSV akweze dzanja, tiyambire pa iyeyo.